Amayi ndi Tsiku la Ngalande

Amayi anga sadziwa kukana. Ndikunena zoona, mutawapatsa mwana wa eni m'basi kuti angogwirizira pang'ono, akhoza kufika naye kunyumba n'kumusambitsa kkkk. Ndiye mumvetse kuti zimene zinachitika Loweruka lija kwathu kuno si zamasewera.

Timakhala m'kadera ka nyumba zofanana, zilipo 24, msewu umodzi wotsetsereka, geti lili kumtunda. Tili ndi bungwe la anthu okhala muno ndipo sitiitanana mayina, timaitanana manambala. A pa 3, anti a pa 9, ana a pa 15. Ife ndife a pa 6. Amayi ndi mlembi wa bungweli, chino n'chaka chachisanu ndi chitatu, ndipo udindowo anaupeza chifukwa pa msonkhano woyamba ndi iwo okha amene anali ndi cholembera m'chikwama. Basi, chifukwa chake n'chomwecho.

Komatu ulembi wake si wolemba ayi. Galu wa pa 11 akauwa kwambiri anthu amagogoda kwathu. Babu la mumsewu likapsa, kwathu. Galimoto ya zinyalala ikapanda kubwera foni ya amayi imalira ngati iwowo ndi amene amaiyendetsa. Chonsecho amayi amagwira ntchito kufamase yogulitsa mankhwala, amaima tsiku lonse kuseri kwa kauntala, pobwera mapazi atatupa ngati mabanzi. Amangovula nsapato pakhomo n'kugwera pa sofa chikwama chikadali paphewa, ndiye wina ali pageti ko ko ko. Adadi amagwira ntchito kutali, amabwera mwezi ukatha, iwo pafoni amangoti ingosiyani, ngati n'kuvula sokosi.

Ndiye pali Tsiku la Ngalande. Chaka chilichonse kumwamba kukangogunda koyamba, Loweruka lotsatira nyumba iliyonse imatulutsa anthu, mafosholo, mareki, mawilibala, timachotsa mchenga ndi masamba ndi mapulasitiki m'ngalande ziwiri za m'mbali mwa msewu mvula isanayambe zenizeni. Tikamaliza timakhala pa shedi ya pageti kumwa tiyi ndi buledi, kenako chisankho. Chisankho chake chimayenda chonchi: a Tcheya amaimirira n'kufunsa ngati pali wofuna kusintha kalikonse, asanamalize n'komwe anthu amayamba kuwomba m'manja, ndiye kuti onse abwerera pa maudindo awo. Masekondi khumi osakwana. Chaka chatha amayi anatsegula pakamwa kuti alankhule, m'manja munali mutayamba kale kulira, anangotsekanso n'kumwetulira.

Chaka chino kunagunda Lachiwiri. Lachinayi amayi pobwera kuntchito anandiitanira kukhitchini n'kutseka chitseko ngati tikukonza zoba. Anati atopa, atopa mpaka m'mafupa, ndipo ulembi sakuufunanso, koma kukana pamaso pa anthu sangathe, pakamwa pamauma. Ndiye apeza nzeru. Chaka chino sachita chilichonse. Satumiza uthenga wokumbutsa pagulu la pafoni, salemba mndandanda wa nyumba iti ikonza pati, sakabwereka mawilibala, sagula masaka. Tsikulo likasokonekera anthu akwiya okha, asankha wina okha, iwo angokhala phee ngati wolakwa.

Ine ndinaseka mpaka ndinatsamira filiji. Munthu wamkulu kukonza pulani yoti achotsedwe ntchito kkkk. Koma amayi sankaseka. Anandipatsa foni yawo n'kunena kuti ndiisunge mpaka Loweruka masana, akandipempha ndikane, ngakhale alire.

Anandipempha kanayi Lachisanu lokha. Koyamba akuti akufuna kuona nthawi, chonsecho wotchi ili pakhoma pamaso pawo. Kachiwiri akuti mwina adadi aimba. Ine ndinaibisa m'nsapato zanga za masewera, sangafikemo, amaziopa fungo.

Loweruka m'mawa tinatuluka mochedwa dala. Amayi anavala majombo ndi chipewa chachikulu chija chobisa nkhope, akuyenda pang'onopang'ono ngati mlendo. Timaganiza tipeza msewu uli zii. Aaa, anthu anali atatuluka kale onse. Eti zaka eyiti zawalowa m'magazi, akamva kugunda amadziwa okha. A Tcheya anali pageti ndi wisulo yawo pakhosi, iwowo ndi bambo wopuma pantchito, ntchito yawo pa tsikuli n'kuimba wisulo poyamba ndi pomaliza, pakatipo amakhala manja kumbuyo akuyendera. Anafunsa amayi za mndandanda, amayi anati aiwala, akuyang'ana pansi. A Tcheya anati palibe vuto, aliyense akonze pakhomo pake.

Apa ndiye panayambira zonse. Mndandanda wa amayi umayambira kumunsi kukwera kumtunda, ndipo umanena kuti zinyalala zilowe m'masaka, wilibala ipite nazo pageti. Popanda mndandanda, popanda masaka, aliyense anangokonza pakhomo pake n'kukankhira matope kwa wa kumunsi kwake. A pa 1 anakankhira a pa 3, a pa 3 anawonjezera zawo n'kukankhira a pa 5, choncho choncho mbali zonse ziwiri, aliyense akupukuta thukuta mosangalala kuti chaka chino ntchito yaphweka. Anti a pa 9, amene amabwera ku ngalande atapaka lipisitiki ndi magolovesi a pinki, anamaliza mu mphindi khumi n'kuyamba kujambulitsa ndi reki.

Ine ndinkayang'ana amayi. Ankapala pakhomo pathu pamodzimodzi, poyera kale, khosi lili gwa osafuna kucheukira kumunsi. Ndinawauza kuti pulani ikuyenda bwino, anangoti mmm.

Kumunsi kwenikweni kuli pa 24, pamene ngalande zonse ziwiri zimakumana n'kulowa m'paipi yaikulu yodutsa pansi pa mpanda. Panyumbapo pali mayi wachitsikana amene anabwera chaka chatha, ali ndi khanda la miyezi iwiri, amuna ake Loweruka amagwira ntchito. Pofika naini koloko matope a msewu wonse anali pakhomo pake, mulu wofika m'mawondo, wakuda, wonunkha, mabotolo ndi matewera akusuzumira, paipi ija osaonekanso. Iye anangoima pageti lake mwana ali paphewa, kafosholo kakang'ono ka maluwa m'manja. Akanakalipa bwenzi zili bwino. Koma anangoima.

Amayi anacheuka kamodzi kokha. Ndinawagwira dzanja, ndinati amayi kumbukirani mapazi anu. Anati mvula ikagwa madzi onsewa alowa m'nyumba mwa mwanayu. Ndinati si mlandu wanu. Anandiyang'ana, ndipo tonse tinadziwa kuti pang'ono ndi mlandu wawo ndithu.

Anavula chipewa n'kundipatsa.

Inu, sindinaonepo. Popanda foni, popanda pepala, anayamba kutchula mndandanda wonse pamtima akutsika msewu. A pa 2 ndi a pa 4 wilibala, a pa 7 katengeni masaka a simenti aja munasunga kuseri, ana a pa 15 siyani mpira gwirani mabigiri, anti a pa 9 magolovesiwo aone matope lero. Anthu amene anali atayamba kale kulowera ku tiyi anabwerera okha ngati ana a sukulu. Amayi analowa m'ngalande mpaka m'mawondo, akukumba pakamwa pa paipi, ine ndikulandira bigiri n'kupatsira a pa 11. Ndimaseka ndikulandira, osati chifukwa zinali zosangalatsa ayi, fungo lake linali loti ungalire, koma ndimangoganiza za pulani yathu ija ikumira m'matope omwewo kkkk.

Tinamaliza cha m'ma 12, dzuwa lili pamutu, aliyense ali mbuu. Paipi inatseguka, a pa 7 anathira bigiri ya madzi kuyesa, anadutsa bwinobwino. Mayi wa pa 24 anabweretsera amayi madzi akumwa m'kapu yagalasi. A Tcheya anaimba wisulo.

Pa shedi anthu anakhala pa mabenchi osalankhula kwambiri, tiyi atapola kalekale, buledi atauma m'mbali. Koma a Tcheya anali ndi mphamvu zonse, pajatu sanagwire fosholo. Anaimirira n'kuyamba kuyamikira. Akuti lero taona ndi maso athu kuti popanda mlembi wathu dera lino likhoza kukokoloka, akuti mayi ameneyu ndi mzati, akuti ngakhale ataiwala mndandanda mutu wake ndi mndandanda. Anthu akuvomera eee, eee. Amayi anakhala kumapeto kwa benchi, matope atauma m'miyendo, m'manja muli buku la bungwe lija lachikuto chakuda limene amalembamo za misonkhano. Nkhope yawo inali ngati munthu amene akumva chigamulo kukhoti.

A Tcheya anafika pa funso lija. Ndinaona anti a pa 9 atakweza kale manja kukonzekera.

Amayi anaimirira mwachangu mpaka kapu inagwa.

"Dikirani kaye musawombe," anatero. Mawu anatuluka aang'ono ngati si awo. "Ine ndatopa. Ulembi ndasiya."

Anthu anaseka. Zoona, anaseka, amaganiza ndi nthabwala za kutopa kwa tsikulo. A pa 11 anati tonse tatopa mayi, mawa mudzuka bwino. Anti a pa 9 anati inu a pa 6 musatichititse mantha, ntchito imeneyi inakukhalani ngati diresi. Amayi sanaseke. Ananena zonse, za Lachinayi, za foni, kuti sanaiwale mndandanda koma anausiya dala kuti awachotse, ndipo anapepesa kwa mayi wa pa 24 pamaso pa onse. Ine ndinkafuna kulowa pansi pa benchi poti dzina langa linatchulidwa ngati wosunga foni. Kenako anaika buku patebulo pafupi ndi ketulo.

A Tcheya anafunsa ngati alipo wodzipereka. Anthu 30 onse anapeza chochita nthawi yomweyo, wina akumanga chingwe cha nsapato, wina akuyang'ana m'kapu ngati muli nsomba, a pa 3 anayamba kuwerenga malata a denga. Anti a pa 9 anati iwo akanakonda koma dzanja lawo polemba ndi loipa. Amayi anaima pang'ono, ndinaona milomo yawo ikuyamba kugwedera, ndinadziwa kuti akangokhala mphindi ina anena kuti chabwino chaka chino chokha. Ndinawakoka malaya n'kunena mokweza kuti tasiya madzi akutuluka pampopi kunyumba. Bodza lopanda mutu, koma anandimvera, tinanyamuka.

Kunyumba anasamba, anadzola mafuta m'mapazi, n'kugona pa sofa osadya. Ine ndinakhala pakhonde ndikuchotsa matope m'zikhadabo.

Cha m'ma 3 pageti pathu ko ko ko. A Tcheya, atasamba, atavala shati yoyera, buku lakuda lili m'khwapa. Ndinati amayi agona. Anati adikira. Ndiye amayi anamva mawu, anatuluka okha tsitsi lili nyankhalala, chizindikiro cha khushoni chili patsaya. Anawalonjera bwinobwino, kuwapatsa mpando pakhonde, ine kunditumiza madzi.

A Tcheya analankhula nthawi yaitali. Akuti msonkhano unatha popanda mlembi, zimene sizinachitikepo. Akuti anthu amvetsa, ndipo agwirizana kuti asamagogodenso pa 6 nthawi ya chakudya. Akuti sakuwapempha kuti abwerere ayi, angosunga bukulo mpaka wina apezeke, kungosunga basi. Akulankhula choncho akulitambasulira kwa amayi pang'onopang'ono, ndipo ine ndimadziwa manja a amayi, chilichonse chimene munthu wawapatsa amalandira mutu usanaganize. Ndinaona dzanja lamanja likunyamuka lokha.

Amayi analiyang'ana dzanjalo, n'kulibweza, n'kukhalira manja onse awiri. Kuwakhalira zenizeni, pansi pa ntchafu, ngati mwana wa kukalasi yoyamba.

"Pepani a Tcheya, likalowa m'nyumba muno silitulukanso. Ayi."

Buku linakhala m'malere kanthawi ndithu. A Tcheya anatsokomola, anamwa madzi, anayang'ana kumwamba n'kunena kuti mitambo ikusonkhana. Amayi anavomera kuti ikusonkhanadi. Kenako anatsanzika, buku linabwerera m'khwapa, ine ndinakawatsekera geti. Ndinasuzumira pa mpata, ndinawaona ataima pakati pa msewu akuyang'ana manambala, kenako anawoloka kukagogoda pa 9.

Pobwerera ndinapeza amayi akadali pampando atakhalira manja. Anandifunsa monong'ona ngati apita. Ndinati apita, ali kwa anti. Anatulutsa manja, anali atachita dzanzi, akuwakupiza ngati anyowa. Sanaseke, ine ndi amene ndimaseka. Anangoti mutu ukuwawa, aliyense akagogoda ndinene kuti kulibe, n'kulowa kukagona kuchipinda, pabedi penipeni, dzuwa likadali kunja.