Kansungwi ka Pasipika

Yotam Sakala anabwerako ku migodi ya ku Luanshya ndi sutukesi imodzi, mabulangete awiri, galamafoni ndi kabokosi kokuzira mawu ake. Kabokosiko anagula kwa mnzake amene anali atatopa nako. Kanali kotchipa chipangidwire: thabwa lopyapyala, sipika yonga kambale ka ndiwo, ndi mavalavu awiri, timababu tagalasi timene timakuza mawu. Batire yake inkalemera kuposa kabokosi komweko. M'sitima monse Yotam ankaganiza za pakhonde pake, kumudzi kwa mkazi wake Olipa kufupi ndi Sinda, mmene anthu azidzadzazira Loweruka masana, Olipa akuseka ndi kuwayalira mphasa.

Olipa anakhala naye dzinja limodzi lokha. Mvula ya 1958 isanathe anamuika m'manda.

Yotam anali mkamwini. Nyumba anamanga yekha, mphanje anaswa yekha, koma nthaka inali ya kuchikazi, ndipo mwana anali wa mbumba ya a Kalisto, alongo ake a Olipa. Mwambo aliyense ankaudziwa. Akakolola adzafulula mowa, adzamusudzula, iye adzanyamula khasu ndi nkhwangwa kubwerera kwawo ku Vubwi. Panalibe amene ankamuda. Ankamupatsa moni bwinobwino, monga mmene timachitira ndi mlendo amene basi yake ikubwera.

Mwanayo anali Mable. Atate ake anamusiya akuyamwa, ndipo chikuku chinamutseka makutu iwo ali kumigodi. Tsopano anali msinkhu wosenza ndowa yaing'ono. Ankalankhula pang'ono, mawu amene anatola asanadwale, ndipo ankawatulutsa mokweza kapena motsitsa osadziwa. Ndi mayi ake anali ndi njira zawo zomvanirana, koma Yotam sanaziphunzire, poti ankati nthawi ilipo. Akamulankhula, Mable ankayang'ana pakamwa pake mwaulemu, kenako nkuyang'ana kumbali. Chiyambire maliro ankagona kwa a Theresa, akulu ake a Olipa, ndipo kwa atate ake ankangobwera kudzasiya chakudya.

Chimene chinkamudya Yotam ndi ichi: adzachoka mwana wake asanamvepo liwu lake.

Tsiku lina m'mawa anatsitsa kabokosi kaja pamwamba pa mtanda, napukuta fumbi. Malekodi sanawakhudze, chifukwa panyumba ya maliro salizapo za magule. Anamasula thabwa lakumbuyo nakhala nthawi yaitali akuyang'ana mawaya. Kumgodi ntchito yake inali yonyamulira makwerero amisiri a magetsi, koma maso ankaona, ndipo mmodzi wa amisiriwo anamuuzapo kuti sipika ukaitembenuza ntchito imasanduka khutu. Ukalankhuliramo, mawu amalowa m'mawaya m'malo motuluka. Vuto linali loti mawu otere amakhala ofooka. Mavalavu awiri sakanakwanitsa, panafunika yachitatu.

Anapalasa njinga mpaka ku Katete. Kuseri kwa masitolo kunali a Ackson, okonza njinga, mawotchi ndi mawayilesi, amene ankasunga zakufa zonse m'dramu ngati nkhokwe.

"A Sakala, mwabwera kudzagula kapena kudzandiseka?"

"Ndikufuna valavu imodzi, sipika yakale, ndi thiransifoma yake."

"Mukutsegula bala kodi? Ndiuzeni msanga ndisoketse buluku."

"Ndi za mwana. Samva."

A Ackson analeka kuseka. Anapindira mkono wa malaya nayamba kufukula m'dramu muja, akutulutsa zitsulo ndi zisa za mavu. Anapeza wayilesi imene chiswe chinadya bokosi lake, koma mkati muli bwino. Anazula valavu ndi mpando wake, namupatsa Yotam pamodzi ndi wayilesi yonseyo, sipika ndi thiransifoma zili momwemo, najambula ndi msomali pansi mmene mawaya ayenera kuyendera.

"Uyu apite apa, uyu apa. Mukasokoneza awiriwa, valavu ipsa kamodzi n'kamodzi, ndipo musadzabwere kudzalira pano. Koma ndikuuzeni, a Sakala. Khutu lakufa si ng'ombe yoti mukakuwa kwambiri idzuka."

"Ndamva. Ndiyesako basi."

Ntchitoyo inamutengera nthawi. M'mawa ankakolola chimanga, masana nkukhala pamthunzi wa khonde ndi kambaula ka makala, chitsulo chowotcherera chili m'moto. Mtovu unali wochepa, ndiye ankaukanda m'wayilesi yakufa ija, dontho limodzilimodzi. Anaboola thabwa ndi msomali wamoto kuti valavu yatsopano ipeze pokhala. Manja ake anali a khasu ndi makwerero, ndipo timawaya tinkamuthawa m'zala. Akalakwitsa ankamasula nkuyambanso, osadandaula, poti panalibe woti amudandaulire. Nthawi zina ankapezeka akuuza Olipa kuti amupatsire pulayala, kenako nkutambasula dzanja kuitenga yekha.

Tsiku loyesa, analumikiza batire, naphimba kabokosi ndi chipewa kuti aone ngati mavalavu ayaka. Onse atatu anali ndi kaulusi kofiira, kosaoneka bwino, ngati khala lotsala m'phulusa. Ananyamula sipika yolankhulira ija natsegula pakamwa. Asananene kanthu, kabokosi kanalira kulira koopsa, kwiii, ngati nkhumba yogwidwa mwendo. Nkhuku zinabalalika. Agalu a m'mudzi monse anayankha.

A Kalisto anatulukira akuthamanga, mpeni wosemera uli m'manja.

"Alamu, mwapha chiyani osatiitana?"

"Pepani alamu. Zayandikana kwambiri izi, chikudzimvera chokha."

"Ndiye chikadzimva chokha chimalira? Chili ngati ine ndikamva nyimbo zanga kutchalitchi."

Anaseka onse awiri, kuseka koyamba pakhondepo chiyambire maliro. Koma a Kalisto sanakhale pansi. Anayang'ana kabokosi, nayang'ana nkhokwe imene inali pafupi kudzaza, nati chimera anyika kale. Atatero anabwerera.

Yotam anatalikitsa waya kuti wolankhula azikhala kutali ndi kabokosi, ndipo kulira kuja kunatha. Mawu ankatuluka aakulu, oti munthu wa kudambo nkutembenuka. Mable atabwera ndi chakudya, anamukhazika pa mphasa, namusendezera kabokosi pafupi ndi khutu. Iye anapita kumapeto kwa waya.

"Mable."

Mwanayo ankayang'ana nyerere imene inkakoka njere ya chimanga.

Yotam anabwera kudzapotokola kokwezera mawu mpaka kumapeto, nabwerera. "Mable! Mwanawe!"

Amayi a kuchitsime anatembenuka. Mable anakwinya nkhope, nakanda khutu ngati mwalowa kachilombo, nayang'ana atate ake kuti aone ngati amuloleza kupita. Yotam anagwedeza mutu. Mwana anatola mbale za dzulo nachoka.

Anayesanso mawa lake, ndi mkuja. Anasintha waya, anapanga chitoliro cha pepala lolimba kuti mawu alunjike m'khutu. Mable ankabwera, nkukhala, nkupirira, monga mwana amene akumwetsedwa mankhwala owawa. Batire inayamba kufooka. Kuseri kwa nyumba ya a Theresa, chimera chinali chitayanikidwa padzuwa.

Tsiku lina a Theresa anabwera okha kudzatenga lichero la malemu. Anapeza Yotam atakhala pakhonde, kabokosi kali pamiyendo.

"Alamu, mwanayu mukumutopetsa. Dzulo walira."

"Sindinafune kumuliza."

"Ndikudziwa. Koma mayi ake sankakuwa ayi. Simunawaone? Akafuna kumuuza kanthu ankamukoka, nkumugoneka mutu apa." Anadzigunda pachifuwa, pamwamba pa fupa. "Kenako nkumalankhula pang'onopang'ono. Ine ndayesako, koma amandikankha. Kaya liwu langa ndi lopyapyala, kaya sakufuna chifuwa china."

Yotam anali ataziona zimenezo kambirimbiri. Ankayesa ndi chikondi chabe cha mayi ndi mwana, ndipo ankayang'ana kumbali kuti asawasokoneze. Iye sakanatha kutero. Mtsikana wa msinkhu umenewo sagoneka mutu pachifuwa cha atate ake, makamaka atate amene wawadziwa dzana. Koma anakumbukira za pansi pa mgodi. Makina oboola mwala akamalira, ngakhale utatseka makutu ndi thonje, phokoso linkabwera ndithu, kudzera m'zigongono ndi m'mano.

A Theresa atapita, anatsikira kudambo nadula kansungwi kowuma, kotalika ngati chikhatho. Anakapala mpaka kusalala, kumapeto kwina nakapanga kaphanthiphanthi koti mano agwire. Anachotsa kansalu kotchinga sipika ya kabokosi, namata mbali inayo pakatikati pa sipikayo ndi phula la njuchi losakaniza ndi ulimbo. Litauma, analuma yekha kansungwiko, natseka makutu ndi zala, nakanda sipika yolankhulira ndi chala cha kuphazi. Kukandako anakumva m'kati mwa mutu, ngati mbewa ili m'chigaza.

Mable anabwera masana ndi mbatata. Ataona mphasa yayalidwa, nkhope inagwa. Yotam anamuonetsa: analuma kansungwi, nakapukuta ndi malaya, namulozera. Mwanayo anayang'ana atate ake ngati apenga. Komabe anagwada, nagwira kabokosi ndi manja awiri, naluma.

Yotam anapita kumapeto kwa waya. Kokwezera anakasiya pakati. Mawu onse amene anakonza masiku onsewa anamuthawa.

"Mable," anatero, motsitsa.

Mwanayo analumpha nagwa chagada. Anazungulira kabokosi, nasuzumira kumbuyo kwake, nabwerera. Analumanso, maso ali pa atate ake tsopano.

"Mable. Ndine atate ako."

Anachotsa pakamwa. "Nenaninso," anatero, mokweza kwambiri, mwakuti nkhuku inathawa.

Ananenanso. Kenako, posowa china, anayamba kumuuza zimene zinali pafupi. Iyi ndi mbatata. Uyo ndi tambala wa a Kalisto, wakuba. Kwathu ku Vubwi kuli phiri, ndipo kuseri kwake ndi dziko la Apwitikizi. Ambuye ako aakazi ali moyo, ali ndi dzino limodzi. Mable sankamva zonse. Mawu ena ankamupitirira, ndipo ankakweza dzanja kuti abwereze. Malovu ankatsika pakansungwi, iye osasamala. Pa za dzino limodzi anaseka, kansungwi nkuthothoka, ndipo Yotam anayenera kuwotchanso phula.

Masiku otsalawo Mable ankabwera asanaitanidwe. Yotam ankazimitsa kabokosi msanga kuti batire isathe, mwana nkumakwiya. Tsiku lina anachotsa pakamwa nafunsa, "Amayi alimo?" Yotam anati ayi, mulibe. Mable analingalira pang'ono, nalumanso.

Mowa unapsa. Anthu anasonkhana, akulu analankhula, namuthokoza Yotam kuti anasunga mwana wawo bwino mpaka kumuika, ndipo tsopano ndi womasuka. Katundu wake anamuikira pabwalo kuti aliyense aone kuti sanamulande kanthu: sutukesi, mabulangete, khasu, nkhwangwa, njinga, galamafoni, kabokosi ndi batire yake.

Yotam ananyamula kabokosi ndi batire nakaziika pakhonde la a Theresa. Anawaonetsa polumikiza ndi pozimitsa, nawauza kuti asamakuwe, ndiponso kuti mvula isachikhudze.

A Kalisto anamuperekeza mpaka pamphambano, akumukankhira njinga. Pofika pamtengo wa mpundu anaima.

"Alamu, chija mwasiyachi, batire yake imatha?"

"Imatha. Mvula yoyamba isanagwe ikhala itatha."

"Nanga kansungwi kakathothoka?"

"Phula lilipo. A Theresa aona mmene ndimachitira."

"Theresa angamate chiyani, munthu wolephera kumata mphika." A Kalisto anakanda chibwano, akuyang'ana kumsewu. "Ife za mawaya sitizidziwa. Tikachigwira tidzapha agalu ndi mantha. Mwini wake azibwera kudzachiona. Nyumba ija sitigwetsa chaka chino."

Yotam anawomba m'manja pang'ono, mutu uli pansi.

Ku Vubwi ndi kutali, ndipo njira yake ndi ya mapiri. Anapalasa yekha tsiku lonse, sutukesi ikugogoda kumbuyo. Pokwera mtunda ankatsika nkumakankha. Pamtunda wina anazindikira kuti akulankhula yekha, motsitsa, akutchula zimene ankadutsa, mlatho wamitengo, mbuzi yamawanga, mayi wosenza dzungu, kuti asadzasowenso chonena akadzafika kumapeto kwa waya uja.