Kolona wa Asisitere Aakulu

"Bwerezanso," ndinatero ndikumenya tebulo. "Wakuba sakana mwaulesi choncho. Undiyang'ane m'maso."

Mtsikanayo, amene anzake ankamutcha Chete chifukwa chosakonda zolankhula, anadzutsa mutu.

"Sindinabe ine," anatero mawu akunjenjemera.

Mumtima ndinati wagwidwa basi. Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa zisudzo pasukulu ya atsikana ya Akatolika, ndipo ndinkadzitama kuti nkhope ya mwana ndimaiwerenga ngati kalata. Milungu itatu m'mbuyomo, kolona wa Asisitere Aakulu, amene mayi awo anawasiyira pomwalira, anali atasowa. Wosesa mu ofesi mwawo anali Chete. Umboni panalibe, koma ine ndinali nditagamula kale. Choncho ndinalemba sewero la mwana wakuba kolona, mbali ya wakubayo n'kum'patsa iyeyo, kuti chikumbumtima chikamugwetse pamaso pa anthu.

Asisitere atamva, anandiitana.

"Aphunzitsi, kodi si nkhanza zimenezi? Wolakwa tikam'peza achoka pasukulu pano, inde, koma sitinam'peze."

"Mlandu suwola, Asisitere. Dikirani Loweruka, mudzadzionere nokha."

Sanandiletse. Kolonayo ankamufuna kwambiri.

Loweruka masana holo inadzaza makolo. Mtsikana wosewera ngati sisitere anavala mkanjo wakale wa Asisitere Aakulu, umene ndinabwereka mwezi wathawo pokonzekera sewero lina. Anaima pansanja, dzanja lina lili m'chiuno, n'kuloza Chete chala monga ndinam'phunzitsira.

"Ndikudziwa kuti ndiwe! Umboni ndi wa chiyani, pamene mtima wanga ukundiuza?"

Chete anagwada. Mawu amene ndinam'lembera sanawanene. Anatembenukira kumene ine ndinakhala, misozi ili chuchuchu.

"Mukufuna ndinene chiyani kuti mundisiye?"

Kenako makolo anawomba m'manja, akuti mwanayu ndi katswiri. Kumbuyo atsikana ankanong'onezana kuti wadziulula. Ine ndinagunda Asisitere ndi chigongono.

"Mwaona?"

Mayi ake a Chete sanawombe nawo m'manja. Anandipeza pakhomo la holo, chikwama cha mwana wawo chili kale pamutu.

"Madamu, mwanayu ndinam'tumiza kudzaphunzira, osati kudzazengedwa mlandu anthu akusekerera. Tiye, mwanangu."

Anatuluka pageti osacheuka. Ndikanakonda kunena kuti ndinamva chisoni, koma lingakhale bodza. Ndinanyada, ndipo chakudya chamadzulo tsiku limenelo chinandikomera.

Lolemba m'mawa ndinasonkhanitsa zovala za sewero kuti ndichape ndisanabweze kwa eni ake. Ndikuviika mkanjo uja m'beseni, ndinamva kanthu kolimba m'munsi mwake. Thumba lam'kati linali lobooka, ndipo chinthucho chinali chitatsetserekera mumpendero. Ndinatumbula ulusi ndi mano, n'kukoka pang'onopang'ono. Kunatuluka kamtanda, kenako mikanda, umodziumodzi.

Mwezi wonse mkanjowo unali m'kabati mwanga. Ndipo Loweruka lija, pamene chala chinkaloza Chete, kolonayo ankagunda akakolo a woloza chalayo.

Ndinayenda mpaka ku ofesi ya Asisitere, kolona akudontha madzi m'dzanja langa. Pakhomo panali fumbi la masiku awiri, ndipo tsache la Chete linali potsamira pake pomwe analisiya. Ndinakweza dzanja kuti ndigogode, koma chala chinakana kupindika.