Filiji Yosungitsa kwa Ba Chibesa

Amock Sakala anali mkulu wa mpingo ku Kabwata. Chaka chimene fakitale yawo ya ku Heavy Industrial inagulitsidwa, iye anali m'gulu la ochotsedwa ntchito, ndipo ndalama zopumira ankangomuuza kuti zikubwera. Chimene chinkawadyetsa pakhomo chinali filiji. Mkazi wake Rachael ankaumitsamo madzi a shuga m'timapulasitiki n'kumagulitsa kwa ana a sukulu.

Filijiyo anaitenga pangongole kusitolo ina ya mu Cairo Road ntchito isanathe. Pepala limene anasaina linkati filijiyo ndi ya sitolo kufikira atamaliza kulipira, ndipo kuichotsa panyumba ndi mlandu wa kupolisi. Tsopano anali atadumphitsa miyezi yambiri.

Mnzake wina anamulangiza kuti apite kukhoti akavomere kuti wagwa, alibe chobwezera. Amock anakana. Ankati dzina likatuluka m'nyuzipepala, Lamulungu akaima bwanji kutsogolo kwa anthu ndi mbale ya chopereka? Ankatinso munthu akadya za eni, khoti silingamusambitse. Koma akangomva lole ikuchepetsa liwiro mumsewu, ankasiya tiyi n'kusuzumira pakatani.

Masiku amenewo anthu anali ndi chizolowezi. Ukamva kuti mabelifu, olanda katundu wa angongole, ayandikira, unkasungitsa zamtengo kwa neba kuti akapeze nyumba yopanda kanthu. Rachael anasankha Ba Chibesa, mayi wamasiye wa ku Luapula wokhala tsidya la msewu, amene nyumba yake inkaoneka yokhazikika, makatani oyera, maluwa pakhonde. Amock anati kumeneko ndi kuba, kaya anthu onse akuchita.

"Atate ake Helen," anatero Rachael, "bana bazadya ulemu wanu?"

Filijiyo anaikweza pawilibala masana, msewu uli zii, ataifunditsa chitenje. Ba Chibesa anailandira mwansangala, n'kunena kuti Rachael azibwera kudzatenga malonda ake nthawi iliyonse.

Lole ya mabelifu inabwera Lachinayi. Amock anaiona ikukhota pakona, amuna atakhala kumbuyo, wapolisi ali kutsogolo. Anavala jekete ya kutchalitchi n'kuima pageti kuti asamupeze ngati wobisala.

Loleyo inamudutsa, n'kukaima kwa Ba Chibesa.

Palibe amene ankadziwa kuti mayiyo anakongola zambiri pa maliro a mwamuna wake. Amunawo anatulutsa mipando, wailesi, makina osokera. Kenaka anatuluka ndi filiji, chingwe chikukwekwereza pansi.

Rachael anamutsina mwamuna wake pamkono kuti alankhule. Amock anawoloka msewu. Akanena kuti ndi yake, wapolisi afunsa chimene ikuchita m'nyumba ya wina. Akakhala chete, filiji ikagulitsidwa kulipira ngongole ya Ba Chibesa, ndipo a sitolo akadzabwera sadzapeza ndalama, sadzapezanso filiji.

Mkulu wa mabelifu anamuyang'ana kuchokera kunsapato mpaka kukolala. "Shani, mdala? Muli na kanthu kanu apa?"

Amock anayang'ana Ba Chibesa, akuyembekeza kuti mwina anena okha kuti filijiyo si yawo. Mayiyo anali atakhala pasitepe, atagwira tsaya, maso pansi. Nawonso anali atawerengera kale: filiji ikapita, mwina bedi lawo litsala.

"Nifunsa imwe, abusa," anatero belifu uja, anzake n'kuseka.

"Iyayi," anayankha Amock. "Nenze kupita chabe."

Amunawo anamanga filijiyo ndi zingwe, lole n'kunyamuka. Anthu amene anasonkhana anayamba kubalalika, Ba Chibesa analowa m'nyumba n'kukhoma chitseko.

Amock anabwerera n'kukhala pampando jekete ili m'thupi. Rachael anaima pakhomo nthawi yaitali, kenaka anafunsa motsitsa mawu chimene adzawauze a sitolo. Amock ankangomvetsera msewu.