Duku la Maluwa Achikasu

Dzina loti a Macheka linachokera ku ntchito. Bamboyu anakhala zaka zambirimbiri akudula malata a asibesitosi pa fakitale ina, ndipo fumbi lake loyera linkawatuwitsa mpaka nsidze. Fakitaleyo inatsekedwa kalekale, koma fumbilo linatsalira m'chifuwa. Masiku ano akakwera masitepe atatu a pakhonde amayamba aima kaye, n'kumanamizira kuyang'ana ngati kukubwera mvula.

Dokotala atawajambula mapapo, akazi awo anawakokera kwa loya wina wothandiza anthu odwala chifukwa cha ntchito. Mayiwa nawonso anali ndi kachifuwa kawo, koma ankati ndi utsi wa mbaula, ndipo ukafunsa kawiri unkalandira mawu. Ofesi ya loyayo inali pamwamba pa sitolo ya nsapato. Pokwera kumeneko a Macheka anayang'ana mvula kanayi.

Loyayo anali mtsikana wa magalasi, msinkhu wa mwana wawo wotsiriza.

"Bambo, kudwala mukudwaladi, pepala la dokotala likunena," anatero. "Koma eni fakitale akuti mafaelo anapsa, ndiye sakukudziwani."

"Sakundidziwa ine? Ndiye fumbili ndinachita kugula?"

"Kuti chipukutamisozi chituluke, pakufunika pepala lililonse losonyeza kuti munkagwira ntchito m'chipinda chodulira malata. Likhale pano pofika Lachisanu. Likapanda kupezeka, mlandu wafera pomwepo."

Kunyumba mayi anagwedeza nyumba yonse. Anakhuthula masutikesi, anatembenuza matiresi, anapeza makadi a sikelo a ana ndi chitupa cha wailesi imene inafa kalekale. Mapepala a malipiro okha ndiye ayi, anathera kuyatsira mbaula ana akadali aang'ono. A Macheka anangokhala pampando, duu, ngati mlendo. Pepala loyenera ankalidziwa pomwe linali. Linali m'bokosi la zida, pansi pa misomali yadzimbiri, lokulungidwa bwinobwino m'pulasitiki.

Nkhani yake inali yotere. Chaka china fumbi litayamba kuwakanda pakhosi, a Macheka anatenga duku la akazi awo pachingwe, lamaluwa achikasu, limene malemu apongozi awo anasiyira mwana wawo. Anakadzimanga nalo kumphuno ku ntchito. Kapitawo ataona, analanda dukulo n'kuliponya m'dilamu la zinyalala, ndipo masana omwewo kunabwera kalata ya chenjezo. Madzulo a Macheka anapeza akazi awo atalusa kale, ndipo mlandu unali utagwera mchemwali wa a Macheka, amene anadzacheza sabata imeneyo. Bamboyu anaganiza zoulula m'mawa mwake, moto ukazirala. Paja amati zengerezu analinda kwawukwawu. M'mawa mwakemo munakwana zaka makumi atatu.

Kuyambira pamenepo mayi ndi mlamu wawo ankapatsana moni wa m'mano okha. Mlamuyo akamveka pageti, mayi ankauza ana kuti, "Anulani zovala, azakhali anu afika." Akachoka, ankawerenga masipuni. Kalatayo a Macheka sanaitaye, poti inali kalata yokhayo imene bwana anawalemberapo chibadwire, dzina lawo lotayipidwa ndi makina.

Lachinayi anayesa kuzemba kuti akaipereke okha. Anangofika pageti.

"Mukupita kuti inu bambo a ana?"

"Kukawongola miyendo."

"Mutavala jekete la kutchalitchi? Bwererani, musakandigwere pamsewu."

Lachisanu anapitanso awiri, kalata ili m'sokosi. Atafika pasitolo ija, a Macheka anayamba chikondi chadzidzidzi.

"Mayi, tayambani mwaona nsapato umu. Musankhe imene yakusangalatsani."

"Zaka zonsezi simunandigulirepo ndi patapata yemwe, lero kwagwanji? Tiyeni."

M'mwamba muja loya anafunsa ngati apeza kanthu. Mayi anapukusa mutu mwachisoni, misozi ili lengelenge, chifukwa ankaona mankhwala a amuna awo akupita ndi madzi. Chisoni chimenecho ndi chimene chinawagonjetsa a Macheka. Anawerama, anapinda thalauza, n'kusolola kapepala kofiirira.

"Mwana wanga, uwerenge chamumtima," ananong'ona.

Koma loya akaona umboni amakhala ngati nkhuku yaona chiswe. Mtsikanayo anaimirira n'kuwerenga mokweza kuti ngakhale ogula nsapato amve:

"Mukuchenjezedwa chifukwa chodzimanga kansalu ka maluwa achikasu kumphuno m'chipinda chodulira malata, zomwe zikuchititsa anzanu kuganiza kuti fumbi ndi loopsa. Kansaluko talanda. Mukadzabwerezanso ntchito idzatha." Anamenya tebulo. "Bambo, kalata iyi yaposa mboni khumi! Yatchula chipinda, ili ndi chidindo chawo, komanso ikuonetsa kuti anakuletsani kudziteteza. Apa sathawa."

A Macheka sanasangalale nawo. Maso awo anali pa nsapato zawo.

"Pepani achemwali," anatero mayi mwaulemu woopsa. "Mwati maluwa amtundu wanji?"

"Achikasu, mayi."

"Tabwerezani pamenepo."

Loya anabwereza, koma ulendo uno mawu anali otsika.

Mayi anatembenuka pang'onopang'ono. "Bambo a ana. Zaka makumi atatu ndakhala ndikuwerenga masipuni. Pa ukwati wa mwana wathu ndinawayendera alamu kumbuyo kuti ndione duku limene anavala. Inu muli pompo, mukuvina."

"Ndimati ndinena m'mawa mwake."

"M'mawa wa chaka chiti?"

A Macheka anakonzeka kulandira chimvula cha mawu. Koma mayi anangoti phwii, kuseka. Anaseka mpaka kugwira tebulo, akuti tangoganizani chibambo chonsechi ndi maluwa kumphuno ngati mkwatibwi. Loya naye analephera kudzigwira. A Macheka anayamba kumwetulira, akuona ngati apulumuka.

Kenako kuseka kuja kunasanduka chifuwa. Chinali chouma, chachitali, chosafuna kutha, ndipo a Macheka anachizindikira chifukwa chinali chofanana ndi chawo. Kunyumba ankachimva tsiku lililonse, koma anali asanachimvetsere.

Mayi anapukuta m'maso n'kupuma kaye.

"Ndiye inu munkadziwa kuti fumbilo n'loipa, mpaka kuba duku," anatero, nthabwala ikadali m'mawu. "Nanga ine amene ndinkakutumula ovololo yanu kuseri kwa nyumba Loweruka lililonse, munandibera la ndani?"

Palibe anaseka. Loya anavula magalasi, anatsegula kabati, n'kutulutsa fomu ina yosalemba.

"Mayi, munaichapa zaka zingati ovololoyo?"

"Zonse. Akanachapa ndani? Koma ine musandilembe, changa n'cha mbaula."

"Mupite mukajambulitse kaye, Lolemba lomweli."

A Macheka anachita manyazi amene sanawamvepo, oposa a duku aja.

Potsika, mayi anali patsogolo, akulongosola kuti Lamulungu a Macheka akagwada okha pamaso pa mchemwali wawo, ndipo maduku atsopano akagula awiri, lina la mlamu. Atafika pakati pa masitepe anasiya kuyankhula. Anaima, dzanja lili pakhoma.

"Bwanji mayi?"

"Palibe. Ndikuona ngati kukubwera mvula."

Pamalopo panalibe windo. A Macheka anatsika sitepe imodzi, anawagwira mkono, ndipo anayang'ana nawo limodzi khomalo.