Mphaka wa Atelala ndi Anapiye a Aneba

Lolemba m'mawa Atelala analowa m'chipinda chawo chosokera n'kupeza kuti makoswe achita phwando. Nsalu yobiriwira imene anaipinda bwinobwino Loweruka inali itabooka malo atatu, ndipo bowo lina munthu akanatha kupisamo chibakera. Mayiwo anakhala pampando wa makina n'kugwira tsaya.

Nsaluyo sinali yawo. Inali ya sukulu ya mkaka ya kumapeto kwa msewu, imene inawapatsa ntchito yosoka mayunifolomu makumi anayi. Aphunzitsi aakulu ananena mosapsatira kuti akufuna zovalazo pasanathe masabata asanu, ndipo zikatuluka bwino, ntchito ya chaka chamawa idzakhalanso yawo. Atelala anayeza nsalu yotsalayo kawiri. Podula mochenjera, molambalala mabowo, inkangokwanira ndendende. Makoswe akanangoboolanso kamodzi, mwana mmodzi akanasowa yunifolomu. Tsono telala amadyera mbiri. Zitamveka kuti kwa Atelala nsalu zimadyedwa, ndani angabweretsenso yake?

Amuna awo ankakonza njinga pansi pa mtengo, m'mbali mwa msewu wodutsa kutsogolo kwa nyumba. Anthu ankawatchula a Injiniya, osati chifukwa cha sukulu ayi, koma chifukwa panalibe nkhani imene iwo sankaidziwa: ya njinga, ya mpira, ya mvula, ngakhale ya uchembere. Atamva mkazi wawo akudandaula, analowa akupukuta manja pa ovolosi.

"Zazing'ono izi, mayi a mwana. Ndikagula mankhwala a makoswe, mawa tidzuka tikutola mitembo."

Atelala anangoloza pansi, pamene kamwana kawo kankakwawa katalumira kachidutswa ka nsalu. Chilichonse chimene kamwanako kapeza chinkayamba chalawidwa.

"Chabwino, mankhwala ayi," anatero a Injiniya. "Nanga msampha?"

"Msampha uja unagwirapo chiyani kupatula chala chanu?"

A Injiniya anayang'ana chalacho n'kusintha nkhani. Anagwirizana zopeza mphaka.

Masana a tsiku lomwelo anapita kwa achemwali awo a Atelala, amene ankaweta amphaka. Pabwalo anapezapo chimphaka chachimuna, chamutu ngati dzungu, khutu lina long'ambika. A Injiniya anachikonda pomwepo.

"Alamu, tipatseni msilikali uyu. Khoswe akangoona nkhope iyi afa yekha."

"Ameneyo si wanga," anayankha alamu awo. "Amangobwera kudzaba. Mukamugwira ndi wanu."

A Injiniya atatambasula dzanja, chimphakacho chinaimika ubweya n'kuonetsa mano, ndipo dzanjalo linabwerera lokha m'thumba. Nthawi yomweyo kamphaka kakakazi kotuwa, ka miyezi ngati isanu ndi umodzi, kanali katakwera kale pamiyendo pa Atelala, kakusewera ndi tepi yoyezera imene inali m'khosi mwawo. Maso ake anali obulungira ngati mabatani. Atelala anakakonda, ndipo asanafike n'kunyumba komwe anali atakapatsa dzina loti Kabatani.

Atafika, a Injiniya anaima pakhomo n'kukhazikitsa malamulo.

"Malamulo ndi awiri. Loyamba, asapatsidwe chakudya. Mphaka wokhuta ndi waulesi, njala ndi imene imamutuma kukagwira khoswe. Lachiwiri, azikhala panja. Makoswe amachokera panja, ndiye mlonda amaima pageti, osati kuchipinda."

Mawuwo ankamveka anzeru, ndipo Atelala nawonso anakula akumva zomwezo. Anavomera. Koma mtima unkawapweteka akamamva Kabatani akulira pakhomo, ndiye ankapalasa makina mwamphamvu kuti phokoso litseke kulirako.

Kabatani anaphunzira msanga kuti pakhomopo palibe chake. Ankapezeka kudzala, ankapezeka kuseri kwa golosale, ndipo tsiku lina Atelala anamuona pawindo akudutsa msewu, galimoto n'kumuphonya pang'onong'ono. Makoswe nawo m'nyumba anali pamtendere. Anatafuna tepi yoyezera ija, n'kugubuduza ulusi chipinda chonse. Atelala ankabisa nsalu m'sutikesi, koma mayunifolomu osokedwa kale ankachuluka, ndipo sutikesiyo inayamba kukana kutseka.

Lachisanu m'mawa kunabwera Aneba, mayi woweta nkhuku wa kuseri kwa mpanda. Awiriwa anali mabwenzi a zaka zambiri, obwerekana mchere ndi kunyamulirana mwana. Koma tsikuli Aneba analowa osaodira, m'manja atafumbata tinthenga tachikasu.

"Mwadzuka bwanji, Aneba?" anafunsa Atelala.

"Ine ndadzuka. Funsani anapiye anga. Dzulo mmodzi, lero wina, ndipo wachiwiriyu ndaona ndi maso angawa. Takhala bwino zaka zonsezi, koma mphaka wanuyu achoke lero."

Manyazi anawagwira Atelala, mantha nawo anabwera pomwepo. Mphaka akachoka, mayunifolomu atsala m'manja mwa makoswe. Akakhala, chinansi chatha. Anatuluka panja n'kuyang'ana kumtengo kuja, koma a Injiniya anali atatanganidwa mwadzidzidzi ndi sipoko ya njinga. Atelala sakanatha kuwaloza chala amuna awo pamaso pa Aneba. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo wopanga malamulo uja anali bambo a mwana wawo yemwe.

Mwamwayi, nthawi yomweyo panaima njinga yamoto. Anali Alangizi a ziweto, mayi wamfupi wansangala, amene anabwera kudzapereka katemera wa chitopa ku nkhuku za Aneba. Anamvetsera mbali zonse ziwiri osadula mawu, kenako anawerama n'kutulutsa Kabatani pansi pa benchi ya makasitomala a njinga. Anamuyang'ana m'maso, m'makutu ndi m'kamwa.

"Mphakayu ndi wosankhidwa bwino," anatero Alangizi. "Maso ndi owala, mphuno ndi makutu n'zoyera, ndipo sakuopa munthu. Anasankha ndani?"

"Ine," anatero Atelala.

"Tinasankhira limodzi," anawonjezera a Injiniya, maso ali pa sipoko.

"Posankha mphaka timayang'ana zimenezi, osati kukula kwa mutu. Nyumba ya mwana wamng'ono imafuna mphaka wofatsa, wokulira pakati pa anthu. Akakhala kamwana, musakachotse kwa mayi wake kasanakwane miyezi iwiri. Koma nanga nthitizi bwanji zikuwerengeka chonchi? Amadya chiyani?"

A Injiniya anatsokomola n'kufotokoza malamulo awo awiri aja, ngakhale mawu sanali okwera ngati Lolemba.

Alangizi anamwetulira. "Bambo, inu mutakhala masiku anayi osadya, mungamange masipoko angati?"

"Masiku anayi? Ngakhale sipanala singanyamulike."

"N'chimodzimodzi. Ambiri amaganiza ngati inu, koma mphaka sagwira khoswe chifukwa cha njala. Kusaka n'chibadwa chake, ngakhale atakhuta amasakabe. Khoswe ndi waliwiro ndipo amaluma. Amafuna mphaka wamphamvu, wodekha, wotha kudikira pabowo ola lathunthu. Wanjala alibe nthawi imeneyo. Amapita kumene chakudya chili chosavuta, ndipo mwanapiye sathawa, salumanso."

Aneba anafuna kusunga mkwiyo wawo, koma kakuseka kanawapulumuka.

"Ndiye azikhala m'nyumba kapena panja?" anafunsa Atelala.

"Zimatengera malo, mayi. Mukanakhala kumunda, kutali ndi msewu ndi anapiye a anthu, bwenzi akutuluka masana. Ngakhale kumeneko, mphaka watsopano amayamba wakhala m'nyumba masabata awiri kapena atatu kuti adziwe kwawo. Koma pano msewu uli pamphuno, anapiye ali kuseri kwa mpanda, ndipo makoswe anu ali m'chipinda chosokera. Wanuyu ndi wa m'nyumba."

"Nanga satiipitsira m'nyumbamo? Tili ndi mwana wokwawa."

"Pezani beseni lakale, muthiremo mchenga, muike pakona pamene mwana safika. Mphaka ndi waukhondo, adzadziwa yekha. Muzichotsa zoipazo tsiku lililonse n'kusamba m'manja ndi sopo. Mayi woyembekezera yekha ndiye asamagwire ntchito imeneyo."

Alangizi anapitiriza kuwerenga ndi zala. Chakudya kawiri pa tsiku, tinyama kapena tinsomba topanda minga ndiponso topanda mchere wambiri. Madzi oyera nthawi zonse, chifukwa mkaka umatsegula m'mimba amphaka ambiri. Thabwa loti azinolerapo zikhadabo, kuti asanolere pansalu za eni. Katemera wa chiwewe chaka chilichonse, ndi mankhwala a njoka za m'mimba ndi nthata.

"Mubwere naye ku ofesi kwathu Lachiwiri adzabayitse," anatero. "Tidzakambanso zomutseketsa kuti asabereke, kupanda kutero chaka chamawa mudzakhala ndi amphaka odzaza nyumba. Ndipo mphaka kapena galu aliyense akaluma kapena kukanda munthu, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi khumi ndi zisanu, kenako thamangirani kuchipatala. Chomaliza, bambo, mphaka ndi mthandizi chabe. Mabowo olowera makoswe atsekedwe."

Aneba anapukusa mutu pang'ono. "Chabwino, ndimupatsa masabata awiri. Ndikangomuonanso kwathu, tisadzalankhulane."

Tinene zoona, a Injiniya pakamwa ankaphonya, koma manja awo sankaphonya. Tsiku lomwelo anatseka mabowo anayi m'chipinda chosokera ndi simenti ndi zidutswa za malata. Anakulunga thabwa ndi chiguduli n'kulikhomera kukhoma. Loweruka lonse anathera kwa Aneba, akupanga kakhola ka waya ka anapiye asanu ndi awiri otsalawo, kokhala ndi chitseko chotseguka ngati cha galimoto. Aneba ataona kakholako, nkhope inayamba kumasuka.

Masiku oyamba sanali ophweka. Kabatani anali atazolowera kuyendayenda, ndipo ankalira pachitseko. Tsiku lina kasitomala anasiya chitseko chotsegula, mphaka n'kutulukira pakati pa miyendo yake. Atelala anamuthamangira sizasi ili m'manja mpaka pampanda, anthu odikira njinga akuseka. Chimene chinamubweza si liwiro la Atelala ayi, koma kulira kwa kambale kake kodyera atakagogoda ndi supuni.

Pofika sabata yachiwiri, nthiti zija zinabisika. Kabatani anapeza malo ake pawindo, pamene ankaothera dzuwa n'kumaonera magalimoto. Atelala ankamugubuduzira chitsononkho cha ulusi chotha, iye n'kumachithamangitsa pansi pa tebulo. Nthawi zina ankangokhala phee pakona ya kabati, mchira wokha ukugwedezeka, ndipo ngakhale kumuitana sankacheuka.

M'mawa wina Atelala analowa kuti ayambe ntchito n'kupeza chikhoswe chachikulu chitagonekedwa pafupi ndi chopalasira makina. Kabatani anali pambali, akunyambita dzanja ngati palibe chachitika. Atelala anaitana amuna awo. A Injiniya anayang'ana khosweyo nthawi yaitali.

"Komatu dzulo anadya kawiri ameneyu," anatero motsitsa mawu.

Atelala anangowapatsa fosholo.

Sabata imeneyo anagwidwa makoswe atatu, kenako m'chipindamo munangoti bata. Mayunifolomu anayamba kupachikidwa poyera, pachingwe, ndipo m'mawa uliwonse ankapezeka monga anawasiyira.

Tsiku lopereka litafika, Aphunzitsi aakulu anatenga yunifolomu iliyonse n'kuiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo. Atelala anaima chilili mpaka ya makumi anayi inaikidwa pamulu.

"Mayi, ntchito yanu ndi yaukhondo," anatero Aphunzitsi aakulu. "Chaka chamawa mwezi ngati uno musalandire ntchito ina. Tidzakufunani."

Atelala anabwerera akuyenda ngati mtsikana. Anadzera kubutchala kukagula kachiwindi ka wantchito mnzawo wa miyendo inayi. Atayandikira kunyumba, anapeza Aneba atatsamira mpanda, nkhuku zisanu ndi ziwiri zija zikupalasa kumbuyo kwawo. Aneba anayamba ndi nkhani ya nyengo, n'kudzera ya mwana, n'kuzungulira uku ndi uku. Pomaliza anatsitsa mawu.

"Atelala, kodi achemwali anu aja atsala ndi kamphaka kena? Makoswe anu onse aja asamukira kwathu."

Atelala anaseka mpaka misozi, Aneba nawo n'kulowerera.

"Kalipo," anatero Atelala akupukuta maso. "Mawa tipitira limodzi mukasankhe nokha. Koma kambale ndi beseni la mchenga zikhale zokonzeka kasanafike."

Wofuna mphaka asankhe wathanzi, wofatsa ndi wozolowera anthu. Ayang'ane malo amene akukhala: pafupi ndi msewu kapena ziweto zazing'ono za anzake, mphakayo akhale wa m'nyumba. Amubayitse katemera wa chiwewe, amutseketse, ndipo amudyetse tsiku lililonse. Mphaka wanjala amavutitsa aneba, koma wodyetsedwa bwino amasunga nyumba.