Kadontho ka Mayi Mwandida

Anthu anali akuwombabe m'manja pamene foni ya Mtisunge inayamba kunjenjemera m'chikwama. Ataona dzina la woimbayo, anaibweza msanga ngati wagwira khala lamoto.

Pakhoma la holo ya koleji yaing'ono ya ku Leeds, kumene Mtisunge ankaphunzitsa mbiri, panali mapu a mzindawo ochokera pakompyuta. Ophunzira ake anali atazungulira m'makomo mwa anthu obwera, kujambula nyimbo, mapemphero ndi nkhani za kwawo. Ukadina kadontho pamapupo, munthu wa mumsewu umenewo ankayamba kulankhula. Aphunzitsi anzake, omwe kale ankanyogodola kuti makompyuta ndi za anthu a sayansi, lero ankalimbirana kudina.

Kadontho kamene kanakoma kwa onse kanali ka mayi Mwandida, namkungwi wa Amalawi a mumzindawo. Inali nyimbo ya chilangizo, ya m'chipinda chotseka, imene mwamuna kapena mwana sayenera kuimva. Azungu ankagwedeza mitu mosangalala. Mtisunge ankangofuna nthaka itang'ambika.

Elton, wophunzira wobadwira konkuno koma makolo ake a ku Dedza, anabwera akumwetulira.

"Aunty, everyone loves it!" anatero. Kenaka anayesa Chichewa chake chopunduka: "Mawu anandivuta, ndiye ndinapatsa amayi amve, andithandize. Anangozimitsa. Sakundilankhula."

Mwana analakwanji? Anajambula nyimboyo ndi Mtisunge mwini, pa chilangizo cha mtsikana wina, Miracle, foni ili pamiyendo. "Ndi yanga ndekha, mayi, kuti ndisaiwale," anawauza tsiku limenelo. Koma mkulu wa dipatimenti atanena kuti pulojekitiyo ipitirira pokhapokha ikhale ndi chinthu chosowa, Mtisunge anaiponya pamodzi ndi zinazo, nkuitcha nyimbo ya ukwati. Sanaiwale ayi. Anachita akudziwa.

Chionetsero chitatha anafufuta kadonthoko, nakwera basi ya ku Harehills. Anapeza mayi Mwandida akadali m'yunifolomu ya kunyumba yosamalira okalamba, mapazi ali m'beseni la madzi ofunda.

"Alowe aprofesa," anatero osadzuka. "Ndamva ndatchuka. Ndikuimbira azungu ine osadziwa."

"Mayi, ndachotsa. Palibenso."

"Wachotsa kuti? Mayi ake Elton anatumiza kugulu la pafoni la amayi kuti amve chimene ndachita. Pano yafika mpaka ku Newcastle. Madzi akatayika saoleka, mwana wanga."

Mtisunge anagwada pakapeti, chikwama cha laputopu chikadali paphewa.

"Akuti ndinagulitsa mwambo," anapitiriza mayiwo. "Mai Nthanda aimba foni kuti mwana wawo Loweruka likubwerali ndisamulangize, apeza wina. Ine kuno ndilibe nyumba yangayanga, ndilibe mapepala a sukulu ngati iwe. Masana ndimasambitsa makolo a eni. Chimene ndinali nacho n'choti ndikalowa m'chipinda amayi amakhala chete."

"Munawauza kuti ndine?"

"Ndiwauze ine? Pakamwa ulibe?"

Mawuwo anamupweteka kuposa mbama. Mayiwa anali atanyozedwa tsiku lonse osamutchula, pamene iye ankalandira mayamiko m'holo.

Lamlungu mapemphero atatha, amayi atasonkhana kukhitchini ya tchalitchi, Mtisunge anapempha kulankhula. Ananena zonse: foni pamiyendo, lonjezo lake, ndi chifukwa chimene analiswera.

"Sukulu yonseyo, nzeru zothera pamenepa?" anatero mai Nthanda. "Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Ndiye mnyamata uja anamva zonse?"

"Anamva, koma sanazitole."

"Mwayi wake Chichewa anachisiya m'mimba," anatero wina kumbuyo. Ena anaseka pang'ono, koma kusekako sikunamufikire Mtisunge.

Anamuuza adikire panja. Atamuitananso, mai Nthanda anali atakhala pafupi ndi mayi Mwandida, akuwathirira tiyi.

"Anamkungwi athu ndi omwewa," anatero. "Iwenso Loweruka ubwere. Sitikukuthamangitsa."

Loweruka Mtisunge anafika msanga, atavala chitenje chake chabwino, foni ataisiya kunyumba. Amayi anayamba kukwera masitepe kupita kuchipinda cham'mwamba, mkwatibwi ali pakati. Iye atafika pa sitepe yoyamba, mayi Mwandida anamugwira mkono mofatsa.

"Iwe khala pansi pano. Ana akufuna wowayang'anira."

Anamupatsa khanda la mwini nyumba ndi botolo la mkaka. Chitseko cham'mwamba chinatsekedwa, ndipo ng'oma itayamba kumveka, kamtsikana kena kanamukoka chitenje.

"Aunty, what are they singing?"

Mtisunge anatenga rimoti nakweza mawu a katuni.

"Si zathu zimenezo," anatero. "Tiyeni tizionera."