Mbaula ya mayi Domnica

Horia anafika kwa a Traian ogulitsa matayala m'mawa wa Lachisanu, n'kupeza mzere wa magalimoto wafika mpaka pa mlatho. Ku Câmpeni, tauni ya m'munsi mwa mapiri ozizira, chaka chilichonse n'chimodzimodzi: aliyense amadziwa kuti chipale chofewa chikubwera, koma amadikira mpaka wailesi inene kuti ndi lero, ndiye onse n'kuthamangira matayala osaterereka m'chipale tsiku limodzi. Horia ankawaseka anthu oterewa. Lero anali pa mzere womwewo, kumapeto kwenikweni.

Kukhala m'galimoto kunamukanika. Anatsika, kuyang'ana kumapiri, kukwera, kutsikanso. Mitambo inali itaphimba kale mudzi wa kwawo, komwe mayi ake, a Domnica, ankakhala okha chimwalirireni bambo ake. Zaka zitatu akuwanyengerera kuti nyengo yozizira azidzakhala kwa iye m'tauni, ndipo chaka chino anavomera, koma ndi mawu amodzi: "Ubwere chipale chisanatseke msewu. Chikatseka usavutike." Msewu umenewo ukatsekeka umadzatseguka mu Malichi. Chaka chatha mayiwo anaterereka pachitsime n'kugona masiku awiri popanda wodziwa. Horia ankaopa, ndipo manthawo ndi amene ankamuyendetsa uku ndi uku.

Dzuwa linali litakwera pamene a Traian anafika pa galimoto ya Horia yonyamulira buledi. Anagwada, kusisita tayala lakumbuyo, n'kuseka.

"Iwe Horia, awa ndi matayala kapena ndi mutu wangawu? Kusalala kotereku ukupita nako kuti?"

"Kumtunda, madala. Kukatenga amayi. Ndiikireni a m'chipale, alionse amene alipo."

"Alionse kulibe kuno." Anadzuka akudandaula mawondo. "A saizi ya galimoto yako ndatsala nawo anayi, koma ndi a galimoto zing'onozing'ono. Alowa bwinobwino, ndipo ndikhoza kukuikira pompano. A galimoto za katundu, okhuthala m'mbali aja, anatha dzulo. Ndikaitanitsa ku Turda afika cha m'ma thuu koloko."

"Thuu koloko? Chipale chidikira thuu koloko? Ikani ang'onowo!"

"Pokwera ukhala wopanda kanthu, akufikitsa. Nanga potsika? Ine a Domnica ndimawadziwa, mphwanga. Sangatsike ndi kachikwama ngati akupita ku tchalitchi. Ukasenzetsa matayala amenewa katundu wolemera, limodzi lidzakuphulikira pa kona, mayi ako ali pampando. Kafunse kaye zimene anyamule."

Horia anapita kuseri kwa mulu wa matayala akutha n'kuimba foni. Mayi ake anayankha msanga, mawu ali okondwa, zimene zinali zachilendo. Anati zonse akonza. Mbaula yachitsulo ija ipite, chifukwa za gasi za m'tauni siziphika buledi bwino. Mgolo wa kabichi wowawasa. Matumba asanu ndi atatu a mbatata. Nyama ya nkhumba yofutsa, mabotolo a jamu, chowombera nsalu, ndi bokosi la zipangizo za malemu bambo. Ankatchula mosafulumira, chimodzichimodzi, pomwe Horia akuona kachidutswa koyamba ka chipale kakutera pa mkono wa jekete lake.

"Amayi!" anawadula. "Mukudziwa kulemera kwa zimenezo? Katundu wanuyo ndi amene akundichedwetsa! Pakanapanda mbaula ndi migolo yanuyo bwenzi ndili panjira kalekale!"

Kenako anamva mawu aang'ono akuti, "Chabwino, mwanangu," foni n'kuduka.

Manyazi anamugwira pomwepo. Mbaula imeneyo bambo ake anaikweza phiri lonse pa ngolo ya ng'ombe chaka chimene iye anabadwa. Horia anabwerera kwa a Traian ataweramitsa nkhope.

"Itanitsani okhuthalawo. Onse anayi. Ndikanyamula zonse, ngakhale chitseko akafuna."

"Eyaa, wayamba kuganiza," anatero a Traian. "Khala pansi, ukundichititsa chizungulire."

Kukhala pansi ndiye ayi. Anamwa khofi katatu pa kagolosale ka kutsidya kwa msewu. Anaimbira mayi ake kuti awauze zimene wasankha, koma foni inangolira osayankhidwa. Adziwa ndani, mwina ali kukhola. Anaimbanso, chimodzimodzi. Anadziuza kuti akwiya basi, akawapepesa akafika, ndipo akadzaona mbaula ikukwezedwa mtima udzatsika. Chipale chinayamba kugwa mwamphamvu, madenga n'kuyera. Thuu koloko inakwana, matayala osaoneka. Anthu a pamzere ankamuseka kuti akumba ngalande ndi mapazi. Iye sankawamva n'komwe, maso ali kumlatho.

Matayala anafika itadutsa fili koloko. Horia anagwira yekha jeke, kumasula yekha mabawuti, a Traian akumukalipira kuti asiye ntchito ya eni ake. Pomaliza mkuluyo anamenya tayala latsopano ndi chikhatho.

"Awa asenza ngakhale nyumba yonse. Pita, koma usathamange."

Msewu wa kumtunda unali utayera kale, wopanda mkwaso wa galimoto ina. Kumbuyo kopanda katunduko kunkagwedezeka pa makona, koma matayala ankaluma. Horia anakwera pang'onopang'ono, mano ali gwa, akuyeseza mawu opepesa. Ankaganizanso za amuna oti amuthandize kunyamula mbaula: Ilarie wa nyumba yoyandikana ndi ya mayi ake, pamodzi ndi ana ake awiri, akwana.

Anawaona ali patali. Mayi ake anali ataima pageti, atavala chikhoti chakuda cha pa Sabata, chipale chitaunjikana pa mpango wa kumutu. Pambali pawo panali chikwama chimodzi. Pa chumuni panalibe utsi.

"Amayi, mwaima panja bwanji? Lowani muothe, tiyambe kupakira. Ndagula matayala olimba, tinyamula zonse."

Horia anawadutsa n'kukankha chitseko. M'nyumba munali mozizira ngati panja. Pakona pomwe pankakhala mbaula panatsala malo oyera a ngodya zinayi pa matabwa akuda, ndi dzenje la paipi kukhoma. Mgolo kulibe. Chowombera nsalu kulibe. Mikwaso ya chikuku inachoka pakhomo n'kulowera kwa Ilarie, ndipo kumeneko chumuni chinkafuka utsi wambiri.

Anatulukanso panja.

"Mwatani, amayi?"

"Ndagawa," anatero a Domnica. "Mbaula atenga a kwa Ilarie, aiika kale. Chowombera ndapatsa mpongozi wawo. Zipangizo za bambo ako zapita kwa mmisiri wa matabwa wa m'mudzi muno. Anthu athandiza, sizinatenge nthawi."

"Koma ndimakuimbirani! Ndadikira tsiku lonse kuti zonse zikwane!"

"Ndinamva ikulira. Ndimaopa kuti unena kuti subweranso." Anawerama, kunyamula okha chikwama chija, n'kusasa chipale pamwamba pake. "Tsopano sindikuchedwetsanso. Tiye, msewu usanatseke."

Horia anatsegula zitseko zakumbuyo, chifukwa manja ake sankadziwa china chochita. Mayi ake anaika chikwamacho pakati pa galimoto yonse yopanda kanthu, n'kupita kukakhala kutsogolo osacheuka.